Apongozi Pampando Wakutsogolo

Timbale ta Munsaka tinali titakwanitsa miyezi itatu tili pamwamba pa kabati, tomangidwa m'kansalu koyera momwe amalume ake, a Mweetwa, anatisiyira. Kunyumba kwa a Lyford Njobvu ku Highlands, m'tauni ya Livingstone, timbale tofunsira mkazi tikamasulidwa ndiye kuti mwamunayo wavomeredwa, tikabwezedwa tili chimangire ndiye kuti akayesere kwina. Iti palibe anatimasula, palibenso anatibweza. Tinkangotola fumbi pambali pa wailesi yakufa.

Mervis, mwana wa a Njobvu amene ankafunsiridwayo, anasiya kalekale kutiyang'ana. Mwezi woyamba ankalira, wachiwiri ankakana chakudya, koma pofika Okutobala wa 1996 misozi inali itamuthera. Ankadzuka, kusamba, kupita ku loji ya mumsewu wa Nakatindi komwe ankagwira ntchito yolandira alendo, kubwerako, basi. Mukamufunsa ngati akumukondabe Munsaka ankati inde, ndipo sikunali kunama, koma mawuwo ankatuluka ngati akukuuzani nthawi.

Bambo ake sanali munthu wobwereza mawu. Fakitale ya nsalu itatsekedwa, Munsaka anali mmodzi wa amene anatsala pamsewu, ndipo tsopano ankaphunzitsa ana obwereza mayeso a Giredi 12 m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mlongo wake ku Nottie Broadie. Kwa a Njobvu imeneyo sinali ntchito.

"Abwere ndi kalata ya ntchito mwezi uno usanathe," anatero. "Apo ayi, timbale tibwerere kwawo."

Amayi ake, a Agatha, kudikira kutha kwa mweziko ankakuona ngati kutaya nthawi. Iwo mtima unali pa Dennis, mwana wa mnzawo wa kumpingo, wakwawo ku Katete, mnyamata wa galimoto ndi ofesi m'tauni.

* * *

Mwezi umenewo m'Livingstone monse munali kalata ya ntchito imodzi yokha yoti munthu n'kuilimbirana. Yunivesite ina ya ku Australia inatuma mayi wina kudzafuna ejenti, munthu woti aziipezera ophunzira m'chigawo chonse cha Kumwera, kuwathandiza mafomu ndi kulankhula ndi makolo awo. Mayiyo anafikira ku loji ya Mervis. Dzina lake linali lopinda lilime, moti loji yonse inkangoti ba Madamu.

Anabwera amuna khumi ndi anayi, masuti obwereka ali phuliphuli padzuwa. Madamu anawasefa mosanyengerera. Wina analonjeza ophunzira mazana awiri chaka chimodzi, anamuthokoza n'kumuonetsa khomo. Wina anabwera ndi kalata ya ahedi amene anamwalira zaka zinayi zapitazo. Pofika Lachinayi anatsala awiri.

Masana a tsiku limenelo Harriet, mlongo wake wa Munsaka, anadutsa pa loji n'kusiya kapepala kopinda katatu.

"Mervis wanga, tasala babili chabe, ine na Dennis. Pa Chiwelu aliyense azakamba na makolo mu holo ya ku chalichi kwanu, ba Madamu bazankala kumbuyo kutamba. Nikapita apa nibwela na kalata kuli batate bako. Usayope. Ni ine wako, Munsaka."

Mervis anakawerenga kawiri. Anafufuza chimwemwe mumtima mwake, sanachipeze, mantha nawonso kunalibe. Anakaika m'buku la manambala a foni n'kupitiriza kulemba mayina a alendo.

Asanamalize tsambalo Dennis analowa, makiyi a galimoto akuzungulira pachala. Munthu ameneyu makiyi sankawaika m'thumba, mwina poopa kuti tauni ingaiwale kuti ali ndi galimoto.

"Ba Mervis, mwachoma bwanji? Mwamvela nkani? Nikawina nizafuna sekeletale wa nkope yabwino."

"Nili na nchito, ba Dennis."

"Iyi ya kupasa bazungu makiyi?" Anatsamira pa tebulo. "Manje uja tichala wanu, alibe ofesi, alibe foni. Ba Australia bazamutumila fakisi pa mutengo wa mango?"

"Mukabafunse beve."

Dennis anamuyang'ana, akudikira kuti akwiye. Mkazi wokwiya ankadziwa pomugwira, koma uyu ankangomuyang'ana ngati akudikira kuti asaine buku la alendo. Anawongoka, n'kusiya mawu ena ali pakhomo.

"Bamayo banu baniuza ati bazabwelako pa Chiwelu."

"Kukachita chani? Kulibe mwana wamene bafuna kutuma."

"Kutipasa mpamvu chabe," anatero Dennis, akuseka yekha.

* * *

Loweruka holo inadzaza isanakwane naini koloko. Munali ahedi a masukulu, eni mashopu, amayi a mpingo ndi zitenje zawo, ndi ana angapo atagwira masatifiketi m'mapepala apulasitiki. Malata ankalira ndi kutentha. Madamu anapempha Mervis kuti akhale pambali pake kumbuyo, azimunong'oneza zomwe zikunenedwa m'Chinyanja.

Anayamba ndi Dennis. Kunena zoona, mnyamatayo pakamwa anali napo. Ankayenda uku ndi uku, kuloza uyu, kuseketsa uyo, Chingerezi ndi Chinyanja zikusinthana. Anati mwana akangofika kumeneko ntchito zimachita kumuthamangira, chaka chisanathe wagula galimoto. Anthu anaomba m'manja, ngakhale madala ena anangoyang'anana.

Kenako anabwera Munsaka, jekete la mlamu wake likumukulira m'mapewa. Anayamba bwino kwambiri. Ananena magiredi ofunika, ananena kuti si mwana aliyense angapite, anatchula ana asanu ndi mmodzi amene iye ankawadziwa kuti angathe. Madamu ankagwedeza mutu, cholembera chikuthamanga.

Pamenepo a Agatha, omwe anali atakhala pakati pa amayi anzawo, anaimirira. Ananyamula mpando wawo, n'kuyenda nawo pang'onopang'ono mpaka kutsogolo, n'kukauika pamaso penipeni pa Munsaka. Anakhala, nakonza mpango.

Aliyense wamkulu m'holomo anadziwa chomwe chachitika. Mwamuna amene timbale take tili m'nyumba ya anthu, mayi wa m'nyumbamo ndi apongozi ake, kaya timbaleto tamasulidwa kapena ayi. Sawayang'ana kumaso, saima chilili iwo atakhala, ndipo mawu ake amadutsira mwa munthu wina. Akakumana nawo panjira amapatukira m'udzu. Kwa Achewa n'chimodzimodzi, kwa Atonga n'chimodzimodzi, ndipo a Agatha zonsezi ankazidziwa kuposa wina aliyense.

"A Munsaka," anatero mokweza, "ndifunseko ine mbuli. Mwana akadwala kumeneko, amuona ndani?"

Munsaka anaima kakasi. Akawayankha ali chilili, maso ndi maso, madzulo omwewo ku Highlands kukamveka kuti Mtongayo alibe mwambo. Akapanda kutero, mzungu anali kumbuyo ndi cholembera. Thukuta linatsika m'khosi mwake. Anabwerera m'mbuyo, nanjuta pafupi ndi mwendo wa tebulo, nkhope atalozetsa kuwindo, n'kuomba m'manja pang'onopang'ono.

"Ba hedi," anatero kwa mkulu wina wapambali, mawu ali pansi, "mubauzeko bamayo kuti ku sukulu kuja kuli kiliniki."

Ahediwo anabwereza. A Agatha anafunsanso funso lina, kenako lina. Mayankho onse anali olondola, koma ankafika kumbuyo kwa holo atatha mphamvu, ndipo mapepala a Munsaka anagwa n'kumwazika iye osawatola. Madala ankagwedeza mitu mokhutira. Ana a masatifiketi ankabisa nkhope akuseka, ndipo Dennis anaseka osabisa.

"Chachitika n'chiyani?" Madamu ananong'ona m'Chingerezi. "Wadwala? N'chifukwa chiyani sakumuyang'ana mayiyo?"

Apa m'pamene Mervis akanalankhula. Akanati mayiwo ndi amayi anga, mwamunayo akufuna kundikwatira. Koma zonsezo ankaziona ngati zikuchitikira anthu ena.

"Ndi kutenthaku," anatero.

Madamu analemba mzere umodzi n'kutseka buku.

* * *

Kunyumba a Agatha anafika ndi njala ya munthu amene wagwira ntchito. Anadya, anamwa madzi, nayamba kuimba kanyimbo ka kumpingo. Mervis anawapeza kukhitchini.

"Amama, munapitiranji kutsogolo kuja?"

"Makutu anga ndi okalamba, kumbuyo sindimamva." Anapukuta m'manja. "Komanso holo ija ndi ya mpingo wathu. Ndizikapempha kwa iye pokhala?"

"Mwamuona mmene wakulemekezerani?"

"Ulemu ndauona, sindikana. Analeredwa bwino." Mawuwo anaoneka ngati awadabwitsa eni ake. Kenako anakweza mawu kuti amveke pabalaza. "Koma atate ako sanati abwere ndi ulemu. Anati kalata."

Pabalazapo a Njobvu anatembenuza tsamba la nyuzipepala. Mervis anatsuka mbale zonse, ngakhale zoyera kale.

* * *

Lamulungu atatuluka m'tchalitchi Mervis anakumana ndi Munsaka pansi pa mtengo wa kuseri kwa positi ofesi, malo awo akale. Mwamunayo anali ngati wachepa thupi tsiku limodzi lomwelo.

"Nenze kuchita bwanji, Mervis? Niuze. Nikaimilila, nilibe mwambo. Nikankala pansi, nilibe nchito."

"Unachita bwino."

"Bwino! Ba Dennis bauza tauni yonse ati tichala anagwada kupempa nchito." Anakankha kamwala ndi nsapato. "Iwe wenze pafupi na ba Madamu. Unabauza chani?"

"Ninakamba ati ni kupya."

Munsaka anamuyang'ana nthawi yaitali. Mervis ankayembekeza kuti amukalipira, ndipo mwina zikanamuthandiza, koma iye anangopuma mozama.

"Mailo bayenda pa folo koloko. Iwe bakumvela. Ukabauze chabe vamene vinachitika, mwambo wonse. Sinikupempa unamize. Napapata, chonde Mervis."

"Nizabauza."

"Ukali kunikonda?"

"Ee."

"Manje nichifukwa chani ukamba monga uli kutali?"

Munsaka anamugwira dzanja, Mervis n'kumaliyang'ana dzanjalo lili m'manja mwa mnzake, osamva kutentha kapena kuzizira. Ankafunitsitsa atamva chisoni chifukwa mwamunayo anayenera kumveredwa chisoni, koma sichinabwere.

* * *

Lolemba m'mawa Mervis anapeza Madamu pakhonde la loji, masutikesi ali kale pakhomo, kapu ya tiyi ikuzizira. Anaima patsogolo pake n'kunena zonse m'Chingerezi chake cha pa ntchito, mosapsatira ndi mosanjenjemera. Ananena za timbale, za apongozi, za mpando uja ndi za bodza la kutentha. Munthu amene mtima wachita dzanzi amafotokoza zinthu bwino modabwitsa, chifukwa palibe chomusokoneza.

Madamu anavula magalasi. "Ndiye munthu ndinamulemba kuti ndi wamantha uja amachita ulemu?"

"Inde, Madamu."

"Khala pansi. Ndiuzenso china. Dennis atanena za ntchito ndi magalimoto, n'chifukwa chiyani akuluakulu aja sanaombe m'manja?"

"Amadziwa kuti akuwanyengerera. Komanso si zimene anabwerera."

"Anabwerera chiyani?"

"Amafuna kudziwa amene akamulandire mwana ku eyapoti. Ngati kuli tchalitchi. Ngati mtsikana akagone nyumba imodzi ndi anyamata." Anatsitsa mawu. "Ndipo chachikulu sangachifunse pagulu. Mwana akamwalira kumeneko, thupi libwera kuno kapena muika konko? Bambo sangasaine fomu asanamve yankho la funso limenelo, ndipo amafuna alimve kunyumba kwake, atakhala pansi."

Madamu analemba, nalemba. Anati wayenda mayiko asanu ndi ntchito imeneyi ndipo palibe anamuuzapo zimenezo. Anafunsa za masukulu a ku Choma ndi ku Monze, za makolo amene amabwera pa loji sabata yonseyo kudzafuna mafomu, omwe Mervis ankawakhazika pansi ndi kuwafotokozera Madamuyo ali wotanganidwa. Mervis anayankha zonse. Tiyi wachiwiri anabwera n'kuzizira nayenso.

"Ndiye mumutenga Munsaka?" anafunsa Mervis potsiriza.

"Ayi." Madamu ananena mofatsa. "Ndi munthu woona mtima, ndamvetsa tsopano. Koma amayi ako ali ndi abale, ali ndi anzawo a mpingo. Mawa akhalanso kutsogolo, iye agwadanso. Ndikufuna munthu woti angaime pamaso pa aliyense m'tauni muno."

"Ndiye Dennis."

"Dennis amalonjeza zimene yunivesite singapereke. Ndimutenga ngati ndasowa wina." Anatsegula chikwama natulutsa fomu ya mgwirizano, nalemba dzina pamzere wapamwamba, n'kuiika mu envulopu. "Ejenti ndi mmodzi m'chigawo chonse. Ndasefa amuna khumi ndi anayi, pomwe munthu ndimamufuna amandipatsa makiyi m'mawa uliwonse."

Anamukankhira envulopuyo.

"Ine sindinapemphe ntchito," anatero Mervis.

"Ndikudziwa. Ndinyamuka folo koloko. Ukabwera nayo utasaina, ndi yako, ndipo Januwale ubwera kukaona sukuluyo ndi maso ako. Ukapanda kubwera, ndiimbira Dennis ndisanakwere galimoto."

* * *

Munsaka anali pageti kuyambira seveni koloko, atavalanso jekete lija ngakhale dzuwa linali litayamba kale ukali. Ataona Mervis akutuluka anathamangira.

"Wabauza?"

"Nabauza."

"Bamvela?"

"Bamvela vonse."

Maso ake anagwera pa envulopu. Nkhope inamasuka, anaseka kuseka kumene Mervis anali asanakumve chitsekereni fakitale, n'kuitsomphola m'manja mwake.

"Mervis! Iwe mukazi iwe! Lelo lamene ba Mweetwa bayenda ku Highlands. Lelo!"

"Munsaka, yembekeza."

Koma iye anali atatsegula kale. Anawerenga mzere wapamwamba, milomo ikuyenda. Anauwerenganso. Anatembenuza pepalalo kuyang'ana kuseri, ngati dzina lake lingakhale kumeneko, kenako anaima duu. Minibasi inadutsa mumsewu wa Nakatindi n'kuwathira fumbi onse awiri.

"Mervis Njobvu," anawerenga motsitsa.

"Sininapempe. Ninakamba chabe vamene unanituma."

"Ninakutuma ukanikambile ine."

"Ninakukambila. Bakana." Anamuuza zonse, mpaka za folo koloko ndi za Dennis. "Nikasaina, tingasebenze pamozi. Iwe uziba bana, ine..."

"Pamozi?" Munsaka anaseka mowawa. "Niyende kuli batate bako na kalata yamene wanilembela iwe? Mwamuna wolembewa nchito na mukazi wamene akalibe kumukwatila? Bamayo bako bazaseka mpaka ku Katete."

"Nikakana, atenga Dennis."

"Atenge! Dennis akanipambana, ni mwamuna munzanga, nizapilila. Koma iwe?" Anapinda pepalalo bwinobwino, naliika mu envulopu, nam'bwezera. "Bwelela mukati. Ubauze ati zikomo, sunga nchito yako ya makiyi, ine nizasakila kwina. Mwezi ukalibe kusila."

Mervis analandira envulopuyo. Anayang'ana mwamuna amene anagwada pamaso pa holo yonse chifukwa cha iye, ndipo ankadziwa bwino lomwe mawu oyenera kunena. Anali mawu afupi, osavuta.

Koma pamenepo, kwa nthawi yoyamba kuchokera pamene misozi inamuthera, anamva kanthu. Kanayambira m'mimba, kanakwera pachifuwa, mtima n'kuyamba kugunda mpaka m'makutu. Sichinali chisoni chija ankachifunafuna, sanalinso mantha. Ntchitoyo ankaifuna. Ankaifuna ndi mtima wake wonse, ndipo manyazi amene anabwera pambuyo pake sanachepetse kufunako ngakhale pang'ono.

"Uzakana, si so?" anafunsa Munsaka.

Mervis anagwiritsa envulopuyo.

"Mervis. Uzakana?"

Munsaka anatambasula dzanja kuti atenge envulopu ija akaibweze yekha. Mervis anaibisa kumbuyo.